Laputopu ikulira ngati chigayo ndikatsegula mapu a Foundry: ndigule ina?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Chibavi, mu Mzuzu momwe muno, ndipo likukhudza Foundry, pulogalamu imene anthu otalikirana amasewerera limodzi masewera a nthano pa intaneti, aliyense akusuntha kachidole koimira munthu wake pa mapu. Akuti: "Loweruka lililonse madzulo ndimayendetsa masewera a Dungeons & Dragons pa Foundry. Tilipo asanu: atatu tili mu Mzuzu, mmodzi ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg. Laputopu yanga ndi ya Core i5-8250U, RAM 8 GB, ndinaigula yogwirapo kale ntchito. Ndikangotsegula mapu, fani imayamba kulira ngati chigayo, Task Manager imaonetsa purosesa ili pa 90 kapena 100 peresenti, ndipo kachidole ndikakasuntha kamayenda modukiza. Anzanga ena akuti ndigule laputopu ina, ena akuti ndiwonjezere RAM. Ndichite chiyani?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Purosesa mwatchulayo inatuluka mu 2017, ndipo ndaonapo malaputopu ofanana ndi yanuyo akuyendetsa Foundry bwinobwino mpaka masewera kutha pakati pa usiku. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, komanso ndimayendetsa nawo masewera oterewa, ndiye kulira kwa fani mukunenako ndimakudziwa. Purosesa ikafika pa 100 peresenti pa pulogalamu ngati imeneyi, kawirikawiri imakhala kuti yasenzetsedwa katundu wa wina. Tifufuze kuti katunduyo ndi wa yani, ndipo wafika bwanji pamutu pake.

M'laputopu yanu muli magulu awiri a antchito. Purosesa ili ngati amisiri anayi odziwa chilichonse: kumanga, kupala matabwa, kuwerengera ndalama. Koma ndi anayi basi. Gulu linalo ndi GPU, yojambula zithunzi pa sikirini, imene mwa inu ndi Intel UHD Graphics 620. Iyi ili ngati anthu a dima. Aliyense amangodziwa kugwira khasu, koma ndi ambiri, moti munda wonse amaumaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Kujambula mapu pa sikirini ndi ntchito ya dima. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo Foundry imafuna kutijambula tonse ka 60 pa sekondi iliyonse, kudzera mu njira yotchedwa WebGL. A dima akapanda kubwera, munda wonsewo umagwera amisiri anayi aja, ndipo mudzawamva akupuma wefuwefu.

Chinanso choti mudziwe musanagwire kalikonse n'chakuti Foundry ili pawiri. Pali seva, imene imasunga dziko lanu la masewera, zolemba, mapu ndi anthu ake, n'kumazitumiza kwa osewera. Palinso mbali yojambula, imene imayenda pa makina a wosewera aliyense payekha. Sevayo ndi yopepuka kwambiri, moti ena amaiyendetsa pa Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja. Musaganize kuti laputopu yanu ikutentha chifukwa ikujambulira anthu asanu. Mnzanu wa ku Johannesburg akudzijambulira yekha. Afunseni anzanuwo ngati nawonso mafani awo amalira pa mapu omwewo. Onse akavomera, vuto lili m'mapu kapena m'ma module, tizowonjezera timene anthu amaika mu Foundry. Akakana, lili pa makina anu.

Tsegulani mapu ovutawo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc limodzi, kenako mu Task Manager dinani pamutu pa mzere wa CPU kuti wodya kwambiri akwere pamwamba. Osafulumira kuloza chala Foundry. Kangapo konse ndapeza pamwamba pali Antimalware Service Executable, amene ndi Windows Defender akufufuza mafayilo, kapena Windows Update ikudzikonza. Kwathu kuno zimenezi zimachitika kwambiri. Laputopu imatha sabata yonse yopanda intaneti posunga bandulo, ndiye Loweruka mukangoilumikiza ku hotspot, Windows, OneDrive, Chrome ndi ena onse amalumphira pomwepo ngati nkhuku zaona madeya. Ilumikizeni ola limodzi masewera asanayambe kuti imalize zake, kapena pa netiweki imeneyo muyatse Metered connection kuti Windows idziwe kuti data ndi yogula. Ndipo foda imene Foundry imasungiramo dziko lanu isakhale m'kati mwa OneDrive. Foundry ikalemba kanthu, OneDrive imafuna kukakweza nthawi yomweyo, ndipo kulimbirana mafayiloko kungawononge dziko limene mwalimanga miyezi yambiri.

Ngati pamwamba palidi Foundry kapena browser, chiwerengero mwandipatsacho chikundiuza kanthu. Purosesa yanu ili ndi ma core anayi, amisiri aja, ndi ma thread 8, poti core iliyonse imayendetsa mizere iwiri ya ntchito nthawi imodzi. Gawo lalikulu la kuganiza kwa Foundry, monga kuwerengera zimene kachidole kakuona, linalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa JavaScript ndipo limayenda pa thread imodzi. Thread imodzi mwa 8 ikadzaza, Task Manager imangoonetsa cha m'ma 13 peresenti. N'chifukwa chake ena amadandaula kuti masewera akudukiza pomwe purosesa ikuoneka ngati ikungokhala: mmisiri mmodzi walemedwa, anzake atakhala pansi. Koma inu mukunena 90 kapena 100. Ndiye kuti ma thread onse ali pa ntchito, ndipo zimenezo JavaScript payokha sichita. Zimene zimadzaza ma thread onse ndi ntchito zotheka kugawana, monga kujambula sikirini popanda GPU, kapena kukonza vidiyo ya kamera. Ine ndikuganiza kuti vuto lanu ndi choyambacho.

Mu Task Manager momwemo pitani pa Performance, muyang'ane kumanzere ngati pali GPU. Ikakhalapo koma ili pa 1 kapena 2 peresenti pamene mapu ali otsegula ndipo nyali zikuthwanima, a dima sanabwere. Ikasowa m'ndandandamo, nkhani yayandikira kutha.

Chaka chatha anabwera mnyamata wina wophunzira ku yunivesite ku Luwinga, laputopu itakulungidwa m'chitenje chifukwa kunja kunali mvula yamvumbi ija ya ku Mzuzu. Dandaulo lake linali ngati lanuli, ndipo anali atayamba kale kufunsa mitengo ya ina. Tinatsegula Device Manager, pa Display adapters, n'kupeza palembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Amene anamugulitsa anali atafufuta zonse n'kuikamo Windows yatsopano, koma driver ya GPU, kapulogalamu kothandiza Windows kuigwiritsa ntchito, sanaike. Poti zilembo zinkaoneka ndipo mavidiyo ankaseweredwa, palibe anazindikira. Driver imeneyi ndi yongothandizira kuti sikirini iyake, ndipo kujambula konse imakutula kwa purosesa. Titaika driver yoyenera n'kuyatsanso makina, anatsegula mapu a mudzi omwe ankamuvuta aja, n'kuyamba kuyendetsa kachidole uku ndi uku, khutu ataliika pafupi ndi fani, kudikira kuti iyambe. Sinayambe. Malaputopu ogula ogwirapo kale ntchito ambiri amafika chonchi, ndiye yanu muione pamenepo lero lomwe. Dinani pa Start ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Device Manager. Pakalembedwa Intel UHD Graphics 620 popanda kachizindikiro kachikasu, driver ilipo. Apo ayi, itengeni kwa kampani imene inapanga laputopuyo kapena kwa Intel. Ndi fayilo ya mamegabaiti mazana angapo, choncho muitsitse ndi bandulo ya usiku.

Driver ikhoza kukhalapo koma browser osaigwiritsa ntchito. Mu Chrome lembani chrome://gpu pamalo polemba adiresi. Pamwamba pa tsambalo pali mzere wa WebGL. Mukufuna kuona mawu akuti Hardware accelerated. Mukaona Software only, kapena m'munsimo mukapeza dzina lakuti SwiftShader kapena Microsoft Basic Render Driver, purosesa ndi imene ikulima. Pitani ku Settings, System, muyatse Use graphics acceleration when available, kenako mutseke Chrome n'kuitsegulanso. Anthu ambiri anaizimitsa okha kalekale pothana ndi vuto lina, n'kuiwala. Ngati laputopu yanu ili ndi GPU yachiwiri ya NVIDIA kapena AMD, pitani ku Settings za Windows, System, Display, Graphics, muike Chrome ndi Foundry pa High performance.

Pulogalamu ya Foundry imene mumaitsegula pa kompyuta ndi Chromium yemweyo wa mu Chrome, atangovekedwa chovala cha Electron. Mungathe kuisiya yotsegula ngati seva chabe, osalowamo m'dziko, inu n'kulowa kudzera mu Chrome pa localhost:30000. Ubwino wake ndi woti muli ndi chrome://gpu yoonera, komanso mukadina Shift ndi Esc mu Chrome mumaona tab imene ikudya kwambiri. Chimene musachite ndi kulowa m'dziko pawiri. Oyendetsa masewera ambiri amatsegula windo yachiwiri ngati wosewera kuti aziona zimene anzawo akuona. Ndi nzeru yabwino poyesa mapu masana, koma pa nthawi ya masewera laputopu ikujambula mapu omwewo kawiri.

GPU ikayamba kugwira ntchito yake, ichepetsereni mtolo, poti UHD 620 si yamphamvu kwenikweni. Mu Configure Settings, pa ma setting a Foundry yeniyeniyo, tsitsani Maximum Framerate kuchoka pa 60 kufika pa 30. Pa 60, makina ali ndi mamilisekondi osakwana 17 oti amalize chithunzi chilichonse. Pa 30 ali ndi 33. Awa si masewera a mpira kapena owomberana: kachidole kamasuntha kamodzi, kenako anthu amakambirana mphindi zisanu ngati atsegule chitseko kapena ayi. Palibe angaone kusiyana. Performance Mode muiike pa Low, ndipo Light Source Animation muizimitse. Ma setting amenewa ndi a munthu aliyense payekha, ndiye anzanu asinthe okha pa makina awo. Amene ali ndi laputopu yofooka kwambiri akhoza kuyatsa Disable Game Canvas: mapu saona, koma pepala la munthu wake, madayisi ndi macheza zimagwirabe.

Tsopano tifike pa makoma ndi nyali, pamene ine ndi anzanga oyendetsa masewera timadzipweteka tokha chifukwa chokonda zokongola. Kachidole kakasuntha, Foundry imawerengera zimene kakuona: kuchokera pamene kaima, imayang'ana makoma ozungulira, kupeza pamene khoma lililonse layambira ndi pamene lathera, n'kupanga malire a malo ooneka. Nyali iliyonse imawerengeredwa chimodzimodzi, poti kuwala nakonso kumatsekedwa ndi khoma. Kachidole konyamula muuni kakayenda, ziwerengero zonse ziwiri zimachitika pa sitepe iliyonse. Ntchito imeneyi ndi ya purosesa, pa thread imodzi ija, ndipo kukula kwake kumadalira kuchuluka kwa zidutswa za makoma. Chipinda cha ngodya zinayi ndi zidutswa zinayi ndi chitseko. Koma phanga lokhotakhota, munthu akalitsata mwala uliwonse, limatha kukhala zidutswa mazanamazana, ndipo mapu otengedwa kwa ena okhala kale ndi makoma, kapena otuluka m'mapulogalamu ojambulira mapu monga Dungeondraft, nthawi zina amabwera ndi tizidutswa tambirimbiri. Dinani chida cha makoma muone. Ngati mapu adzaza timadontho ngati nyerere pa shuga, mwapeza chimene chikudukizitsa kachidole.

Ine phanga ndimalizinga ndi mizere yowongoka yochepa. Pokhota pamene wina angaike zidutswa 40 ndimaika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo khomalo ndimalilowetsa pang'ono m'kati mwa thanthwe kuti osewera aziona m'mphepete mwa mwala. Palibe wosewera anadandaulapo kuti mthunzi sunatsate mwala bwino. Mapu a panja masana, monga msika kapena msewu wa m'nkhalango, safuna n'komwe kuwerengera kuona. Zimitsani Token Vision pa mapu amenewo, onse aone zonse. Mudzi wa usiku wokhala ndi nyali pakhomo lililonse ndi wokongola, sindikana, koma nyali 40 zothwanima ndi katundu wa GPU yaikulu. Siyani zisanu pamalo pamene nkhani ichitikire, zinazo zikhale zojambulidwa pachithunzi. Ndipo nyumba ya pansi pa nthaka ya zipinda 60 muigawe mapu atatu kapena anayi. Osewera sangamalize zipinda zonsezo Loweruka limodzi.

Kukula kwa chithunzi cha mapu kumanyenga ambiri. Munthu amaona fayilo ya mamegabaiti 6 n'kumati ndi yaing'ono. Fayiloyo ndi yopanikizidwa, ngati zovala za m'belo. Ikatsegulidwa kuti ijambulidwe, kadontho kalikonse kamatenga mabaiti anayi. Mapu a 8000 x 8000 ali ndi timadontho 64 miliyoni, kuchulukitsa ndi 4, ndi mamegabaiti pafupifupi 256. A 4000 x 4000 ndi 64 okha. GPU yanu ilibe memory yakeyake, imabwereka pa RAM ya 8 GB yomweyo imene Windows ndi Chrome zikudya. Chepetsani mapu kuti bokosi lililonse likhale timadontho 100 kapena 70, musapitirire 4000 mbali iliyonse ngati n'kotheka, ndipo muwasunge ngati WebP kuti anzanu asathe bandulo powatsitsa. Mapu a vidiyo, aja madzi amayenda ndi mitengo kugwedezeka, pa laputopu imeneyi asiyeni.

Ma module ndiwo malo achiwiri amene ndimakayikira. Foundry, chitulukireni mu 2020, yakopa anthu ambiri olemba tizowonjezera, ndipo n'zovuta kudziletsa. Madayisi ogubuduka a Dice So Nice, mvula ndi nkhungu za FXMaster, moto wotuluka m'manja mwa wamatsenga, zonsezi zimasangalatsa. Koma iliyonse ndi JavaScript yowonjezera pa thread imodzi ija, ndipo ina imakhala yolembedwera Foundry yakale, ikungobwereza cholakwa chomwecho mosalekeza. Dinani F12, pitani pa Console. Mukaona mizere yofiira ikutsika ngati madzi, werengani dzina la foda limene likutchulidwa. Kawirikawiri ndi dzina la module yolakwayo.

Kuti mutsimikize, zimitsani ma module onse. Pokonza dziko, musanalitsegule, pali Safe Configuration imene imachita zimenezi. Koma yambani mwajambula ndandanda ya ma module anu ndi foni, chifukwa sadzayakanso okha, mudzawayatsa ndinu. Purosesa ikatsika ma module atazima, wolakwa ali pakati pawo, ndipo simuyenera kuyesa imodziimodzi. Yatsani theka. Vuto likabwerera, lili m'theka limenelo. Likapanda kubwerera, lili m'theka linalo. Gawaninso pakati. Pa ma module 40, maulendo asanu ndi limodzi akwanira. Pali ngakhale module yotchedwa Find the Culprit imene imakugawirani yokha. Chimene ndikupempheni n'chakuti muzisintha chinthu chimodzi, kuyang'ana Task Manager, n'kulemba chiwerengero papepala. Mukasintha zinthu khumi nthawi imodzi, zikhoza kuyenda, koma vuto likadzabwerera mwezi wamawa simudzadziwa poyambira.

Simunanene kuti mumalankhulana pa chiyani, koma pamenepanso pamabisala mbala. Mawu ndi vidiyo zimene zimabwera ndi Foundry zimalumikiza munthu aliyense kwa mnzake mwachindunji. Muli asanu, ndiye laputopu yanu ikutumiza kamera yanu kwa anthu anayi, uku ikulandira mavidiyo anayi. Discord imadzera pa seva, ndiye mumatumiza kamodzi, koma nayonso ndi Electron ina yodya RAM, ndipo chochotsera phokoso chake chotchedwa Krisp chimagwiritsa ntchito purosesa. Gulu langa tinasiya makamera. Mawu timayendetsa pa foni ndi mahedifoni, laputopu n'kutsala ndi mapu okha. Zinathandiza purosesa, zinathandizanso bandulo, ndipo magetsi akazima kwa mmodzi, mawu ake amakhalapobe, wina n'kumamusunthira kachidole.

Macheza a m'masewera muziwafufuta pakapita milungu ingapo, mutasunga kope ngati mukufuna. Kuponya dayisi kulikonse kumasungidwa, ndipo zilombo, zida ndi zolemba zonse zili m'mbali mwa sikirini zimatumizidwa kwa aliyense akamalowa. Zimene simukuzigwiritsa ntchito ziikeni mu compendium, nkhokwe ya mu Foundry, mmene zimangotsegulidwa zikafunidwa. Izi zimathandiza kwambiri nthawi yolowera ndi RAM kusiyana ndi purosesa, koma n'zosavuta kuchita.

Kulira kwa faniko kuli ndi mbali ina imene ilibe chochita ndi Foundry. Purosesa yanu imatha kukwera mpaka 3.4 GHz, koma ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ikatero ntchito yomweyo imatenga nthawi yaitali, zinthu zimaunjikana, fani n'kumalira osaleka. Laputopu ya zaka zimenezi, ngati sinatsegulidwepo, ndikudziwa chimene chili m'kati. Pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo totulutsira mpweya pamakhala kachinsalu ka fumbi ndi ubweya wa bulangeti, kolimba moti ndimakatola ndi kapanira n'kutuluka kathunthu ngati kachidutswa ka thonje lakuda. Fani imazungulira mwamphamvu, koma mukaika dzanja potulukira mpweya simumva kanthu. Phala lapakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa limakhala litauma ngati dothi la m'chilimwe. Kuno timapusitsidwa ndi kuzizira kwa June ndi July: munthu amasewera ali pabedi, laputopu ili pabulangeti, mabowo onse apansi atatsekeka. Kenako October akafika, ndi fumbi lake, vuto limaonekera poyera. Ikani pulogalamu yaulere ya HWiNFO muone kutentha. Ikamakhazikika kupitirira madigiri 90 mukusewera, ipititseni ikatsukidwe ndi kusinthidwa phala. Pakali pano iikeni pa tebulo, kumbuyo mutaikweza pang'ono ndi timabuku kuti mpweya uzilowa pansi.

Onaninso liwiro mu Task Manager, pa Performance, pomwe palembedwa Speed. Magetsi akazima laputopu n'kutsala pa batire, Windows imachepetsa mphamvu kuti batire ikhalitse, ndipo Chrome nayo ili ndi Energy Saver imene imachita zofanana. Mungaziletse, podziwa kuti batire itha msanga. Koma ngati chaja ili yolumikiza ndipo liwiro lakakamira pansi pa 1 GHz, kayikirani chajayo. Malaputopu ena, makamaka a Dell, akapanda kuizindikira chaja kapena ikakhala yochepa mphamvu, amatsitsa purosesa dala. Machaja otchipa a pamsika amachita zimenezi kawirikawiri, ndipo munthu amatha chaka akuganiza kuti laputopu yakalamba.

Musasokoneze kudukiza kwa makina ndi kuchedwa kwa netiweki. Inu seva ili pa laputopu yanu, ndiye kachidole kakamadukiza kwa inuyo, netiweki ilibe mlandu. Koma mnzanu wa ku Lilongwe akati mapu akuchedwa kuoneka, kapena dayisi ikutenga masekondi angapo isanatuluke, pamene fani yake ili chete, ndiye kuti intaneti yanu ikulephera kukweza mafayilo msanga. Mankhwala ake ndi mapu ang'onoang'ono aja, ndi kudina Preload Scene pa mapu otsatira anthu akadali kukambirana. Kusamutsira dziko ku seva yolipira monga The Forge kumathetsa vuto limeneli, koma sikungaziziritse laputopu yanu, popeza kujambula kumatsalabe kwa inu. Chimodzimodzinso kuthawira ku Roll20, pulogalamu ina ya masewera oterewa, imene yakhalapo kuyambira 2012: nayonso imajambula mu browser, ndipo driver ikasowa idzakuvutitsani mofanana. Chopepuka zedi ndi Owlbear Rodeo, koma mudzasiya zambiri zimene Foundry imakuwerengerani.

Za RAM, anzanu sanalakwitse kwenikweni, kungoti aiika poyamba pomwe ndi yomalizira. RAM yowonjezera sitsitsa purosesa imene ikujambula m'malo mwa GPU. Koma mukakonza zinazi, yang'anani Memory mu Task Manager pa nthawi ya masewera. Ikamafika pa 85 kapena 90 peresenti, Windows imayamba kutayira zinthu pa disiki, ndipo ngati disikiyo ndi yakale yozungulira, zonse zimaima. Pamenepo 8 GB ina ndi yoyenera kugula. Pali phindu linanso: ngati laputopu ili ndi malo awiri a RAM ndipo mwadzaza amodzi, kuika yachiwiri yofanana kumatsegula njira ziwiri zopitira ku memory, ndipo GPU yobwereka RAM ngati yanuyi imapindula nazo kwambiri. Task Manager yomweyo imaonetsa malo angati agwiritsidwa ntchito, pa Slots used. Ngati mulibe SSD, disiki yothamanga yosazungulira, imeneyo igulidwe RAM isanagulidwe.

Ndikanakhala inu, usiku uno ndikanangoona zinthu ziwiri, Device Manager ndi chrome://gpu, poti chiwerengero chanu cha 90 mpaka 100 chikuloza kumeneko. Mawa ndikanatsitsa Maximum Framerate n'kuzimitsa makamera. Makoma ndi ma module ndikanazisiyira tsiku lopanda masewera, pamene palibe amene akudikira. Zonsezi zikakanika, tsegulani mapu ovutawo, dinani F12, pitani pa Performance, jambulani masekondi khumi mukusuntha kachidole, musunge fayiloyo. Imaonetsa ntchito imene ikudya nthawi, dzina ndi dzina, ndipo wodziwa kuiwerenga adzakuuzani wolakwa. Mukamapita nayo laputopuyo kwa wokonza aliyense, mutenge ndi chaja imene mumagwiritsa ntchito kunyumba, ndipo dziko lanu la masewera mukhale mutalikopera kaye pa flash.